Amadziwa chenji koma 8 + 5 imamukanika

Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina cha ku Makawa kuno, ndipo m'kalasi mwanga muli kamnyamata kena kamene ndinali nditakaika kale pagulu la osamva masamu. Ndikalemba 8 + 5 pabolodi kamangondiyang'ana pakamwa, kenako n'kukopera za mnzake.

Ndiye Loweruka lina ndapita kudoko kukagula usipa, ndikupeza ndi iyeyo ali pamalonda, amayi ake atachokapo kaye. Mulu K300, ndatenga itatu, ndapereka K1000, ndisanaganize n'komwe wandipatsa kale K100 n'kundiikira ndi pulayizi pamwamba. "Madamu, chenji chanu icho." Abale ndinachita manyazi ine.

Lolemba ndinamufunsa kuti unawerengera bwanji. Akuti 300, 600, 900, kutsala handiredi kuti ikwane sauzande. Basi. Kuwerenga molumpha, kuchulukitsa, kuchotsera, zonse m'mutu, zimene ine ndinali ndisanaphunzitse n'komwe. Chimene samadziwa ndi kamtanda ka + kaja, osati masamu.

Pano ndimayambira pa zimene amabwera nazo. Zitsekerero za Fanta ndiye usipa wathu, timaunjika milu, wina wogulitsa wina wogula, kulemba manambala kumabwera pambuyo atakangana kaye za chenji. Atsikana a phada nawo amadziwa kuti ukatulutsa miyala 12 n'kubweza 10 yatsala ingati, osawauza.

Koma chimene chinanditsegula maso kwambiri ndi chilankhulo chathu chomwechi. Ana amaimba wani, thuu, firii mpaka handiredi ngati nyimbo ya kusukulu ya mkaka, koma ukati ndipatse miyala eyiti ena amangotapa. Pomwe m'Chichewa 8 ndi zisanu ndi zitatu, samu ili kale m'dzinamo! Ndiye 8 + 5 ija tinaitenga chonchi, zisanu ndi zitatu, onjezerapo zisanu, zisanu ziwirizo ndi manja awiri, khumi, kwatsala zitatu, 13. Kamnyamata kaja kanaseka kuti aaa ndi zomwezi? Ambiri kuno kwawo amalankhula Chiyao, ndiye wina akafuna kufotokozera anzake m'Chiyao ndimangomusiya, bola yankho andionetse ndi zala.

Sikuti ndi zophweka ayi, ana ndi ambirimbiri, phokoso lake aphunzitsi a kalasi yoyandikana amachita kubwera kudzasuzumira, silabasi nayo sidikira munthu. Zitsekerero zomwe zikumasowa, ndinali nazo thumba lodzadza pano latsala theka, ndamva kuti akumakasewerera bawo kuseri kwa kalasi.