Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Foni ya Loweruka ndi foni ya Lachiwiri

Gawo 13 ndinakusiyani tili pabalaza kwa achemwali, Loweruka pa 27 April 2024, maso onse ali pa TV kuonera draft ya NFL imene inkachitikira ku Detroit, mwambo umene matimu a ligi yaikulu ya mpira wa ku America amasankhira osewera atsopano. Zikomo nonse amene munalemba ndemanga, makamaka mayi aja amene akuti amamupempherera mnyamata wathu, mwana wa achemwali, ngakhale mpira wa ku America sanauonerepo. Funso la ambiri ndi lakuti: ngati dzina lake silinatchulidwe, yunifolomu ija anaivala bwanji? Nanga ngati anaivala, akutani pakhomo lero? Mundipirire, gawo lino muli manambala ambiri, koma popanda iwo simungamve pamene panatiwawa.

Draft ili ndi ndime 7, matimu alipo 32, ndipo chaka chimenecho anasankha anyamata 257. Dzina lomaliza litatchulidwa, achemwali anadzuka osanena kanthu n'kukavundikira nsima imene panalibe anaikhudza. Komatu foni ya mwana wawo inali itayamba kulira kalekale, ndime ya 6 ili mkati. Ndi mmene zimayendera. Makochi amayambiratu kuimbira anyamata amene akuoneka kuti satengedwa, kuti draft ikangotha awagwire ena asanawalande. Pakatha maola ochepa malo onse amakhala atadzaza. Ejenti amangoti timu yakuti ikufuna yankho pompano, ukazengereza apatsa wina.

Pa nthawi yochepa imeneyi wosasankhidwa amakhala ndi mwayi umodzi umene wosankhidwa alibe: kopita amasankha yekha. Mwayi umenewu ndi umene ife tinautaya, ndipo ine malume wake ndinalipo, ndinavomereza.

Ndiyambe ndi inu amene munalemba kuti amalume adya ndalama za mwana. Kontrakiti ya wosasankhidwa imakhala ya zaka 3, ndipo mu 2024 malipiro otsikitsitsa a wosewera watsopano anali madola 795,000 pa chaka. Nambala imeneyi ndi imene inafika kumudzi, mafoni n'kuyamba kubwera, wina akufuna malata, wina fizi. Koma ndalamayo imayamba kutuluka sizoni ikayamba mu September, ndipo amalandira okhawo amene atsala pa mndandanda wa timu. Akakuchotsa mu August, pepala lija latha ntchito. Chako chenicheni ndi bonasi yosainira, ndi gawo la malipiro limene timu yalemba kuti idzakupatsabe ngakhale itakuchotsa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ligi inaika malire pa bonasi yonse imene timu ingagawire anyamata osasankhidwa, choncho timu imene ikukufunadi imaonetsa chidwi chake pa gawo lotsimikizika la malipiro lija. Ikaika ndalama yooneka pamenepo, ndiye kuti ikuganiza zokusunga, ngakhale pa practice squad, gulu la osewera oyeserera ndi timu koma osakhala pa mndandanda waukulu. Ikangokupatsa kabonasi ndi mawu okoma, dziwa kuti akufuna thupi loti ena aziyesererapo ku kampu.

Matimu atatu anaimba usiku umenewo. Ina inali timu yotchuka imene mnyamatayu ankaikonda kuyambira ali ku pulayimale. Ina inali yosauka pa mbiri, koma amene anaimba anali kochi wa special teams (gulu lolowa pa nthawi yomenya mpira ndi phazi) mwiniwake, ndipo anatchula masewera enieni a ku koleji amene anamuonera. Tinkayenera kutsegula mndandanda wa osewera a timu iliyonse n'kuwerenga ma linebacker (otchinga a malo amene iye amasewera) amene alipo kale, angati ali ndi makontrakiti aakulu, angati angotengedwa kumene pa draft. Timu yotchukayo inali itangosankha awiri a malo ake omwewo sabata yomweyo. Timu sikonda kuchotsa munthu amene yamusankha pa draft chaka chomwecho, chifukwa yamulipira kale bonasi, komanso amene anamusankha safuna kuoneka kuti analakwitsa. Zimenezi ndinkazidziwa. Koma ndinaona nkhope ya mwanayo atamva dzina la timu ija, atakhala masiku atatu akudikira dzina lake osalimva, ndipo pakamwa panga panalemera. Ndinangoti, “Pita kumene mtima wako uli.” Amene mukuti ndinalakwa simukunama. Ndingopempha kuti muzinena zimenezi mutakhalapo pabalaza ngati paja.

May ndi June ndidutsepo msanga. Pamakhala kampu ya masiku atatu ya atsopano okhaokha, kumene kumabweranso ena opanda kontrakiti n'komwe, ongoitanidwa kudzayesedwa. Musawaderere amenewa. Adam Thielen analowa Minnesota Vikings mu 2013 kudzera pa khomo limeneli, ndipo Malcolm Butler, amene analanda mpira pa mphindi yomaliza ya Super Bowl, masewera olimbirana chikho cha ligi, mu February 2015, anafika ku New England Patriots mwa njira yomweyo. Kenako pamabwera masabata oyeserera opanda kugundana, ndipo kumapeto kwa July kampu yaikulu imatsegulidwa ndi osewera 90.

Pa 90 amenewa otsala ndi 53. Koma musaganize kuti malo 53 onse ndi opikisanirana. Atatu ndi a kicker, punter ndi long snapper, omenya mpira ndi phazi awiri ndi wowaperekera mpirawo. Awiri kapena atatu ndi a quarterback, oponya mpira. Mzere wotchinga kutsogolo umatenga 9 kapena 10. Mukachotsa akatswiri olipidwa kale ndi osankhidwa pa draft, malo otseguka amatsala owerengeka pa zala, ndipo pa gulu la mnyamata wathu panali amodzi, mwinanso panalibe.

Chimene anthu sachiona pa TV ndi kagawidwe ka mipata poyeserera. Gulu loyamba limatenga nthawi yambiri, lachiwiri yocheperapo, lachitatu limatola nyenyeswa. Iye ankatha tsiku lonse atalowa maulendo osakwana 10. Zonse zimajambulidwa, ndipo madzulo makochi amaonetsa kanemayo gulu lonse lili pomwepo. Katswiri akalakwitsa kamodzi zimaiwalika. Wosasankhidwa akaima malo olakwika kamodzi pa maulendo ochepawo, ndi chokhacho chimene kochi amakumbukira. N'chifukwa chake tabuleti ya playbook, buku la maseweredwe a timu, imafunika kuposa liwiro. Ankaiwerenga mpaka pakati pa usiku, n'kumandiimbira kuti ndizimutchulira mayina a maimidwe iye azindiyankha kumene akuyenera kuthamangira.

Khomo lenileni la munthu ngati iye ndi special teams: kuthamangira mpira wa kickoff (woyambira masewera), kutchinga ndi kugwetsa pa punt (pomenyera mpira kutali kuti upite kwa timu inayo). Pa tsiku la masewera timu imaveka osewera 48 basi, choncho linebacker wachisanu amene satha ntchito imeneyi ndi katundu chabe. Austin Ekeler, wochokera ku koleji yaing'ono ya ku Colorado, anapeza malo ku Chargers mu 2017 poyamba ndi ntchito yomweyi. Apa mukuona chifukwa chake foni ya kochi uja wa timu yosatchuka inali yamtengo kuposa bonasi.

Sabata yachiwiri ya August mnofu wa kuseri kwa ntchafu yake unakoka. Apa pali msampha. Ukabisa, umathamanga mopereweza ndipo kanema amakuonetsa ngati waulesi, mwinanso mnofuwo n'kung'ambikiratu. Ukanena, mipata yako ija amapatsa wina. Iye ananena, ndipo anachita bwino, koma anaphonya masewera amodzi mwa atatu oyeserera amene timu iliyonse imasewera sizoni isanayambe. Masewera amenewa kwa akatswiri ndi opanda ntchito, koma kwa wosasankhidwa ndi mayeso olembera matimu onse 32, pakuti onse amaonera kanemayo. Pa omaliza anasewera theka lonse lachiwiri, anagwetsa anthu bwino, mmodzi pa kickoff. Achemwali anakuwa mpaka aneba anagogoda.

Tsiku lochotsa linali Lachiwiri pa 27 August, malire ake 4 koloko madzulo nthawi ya ku New York. Timu iliyonse imachotsa 37. Mukachulukitsa ndi 32 mupeza anthu 1,184 otaya malo m'masiku awiri kapena atatu. Pali munthu amene osewera amamutcha Turk, wantchito wamba wa timu, amene amatumidwa kukakuuza kuti akochi akukufuna, utenge ndi tabuleti yomwe. Ukangomva za tabuleti, palibenso chofunsa.

Foni yanga inalira cha m'ma 10 koloko m'mawa ndili ku ntchito. Ndinatuluka panja. Kwa nthawi ndithu sindinamve mawu, koma phokoso la magalimoto ndi kupuma kwake. Kenako anati, “Amalume, andipatsa jumbo.” Poyamba sindinamve. Ankanena jumbo lakuda lija lotayira zinyalala, loti aikemo nsapato ndi zovala za mu loka yake. Anati kukambirana konse ndi akochi sikunathe mphindi zisanu, anamuyamikira, anamugwira chanza, wina n'kumufunsa bwalo la ndege limene akufuna kukatsikira. Anasainanso pepala la adokotala lonena kuti akuchoka ali bwino. Ndinamufunsa ngati wadya. Anati ayi. Kenako anati, “Amayi muwauze ndinu, ine sindingathe.” Mwana amene ndinamunyamula pa phewa kupita naye ku masewera ake oyamba, munthu wa makilogalamu oposa 100, ankalankhula ngati wa zaka 7. Ndinakhala m'galimoto pafupifupi ola ndisanaimbire achemwali, ndipo atayankha sanadikire kuti ndinene. Anangoti, “Achimwene, ndamva kale m'mawu anu.”

Chiyembekezo sichithera pamenepo, ndipo mwina ndi chimene chimapweteka kwambiri. Wochotsedwa amaikidwa pa waivers, mndandanda wa ochotsedwa, mpaka masana a tsiku lotsatira, ndipo timu ina iliyonse ingathe kumutenga ndi kontrakiti yake yomweyo, oyamba kusankha ali matimu amene sanachite bwino sizoni yapita. Nthawiyo ikadutsa, matimu amayamba kudzaza practice squad, malo 16 pa timu. Mu 2024 wosewera watsopano kumeneko ankalandira madola 12,500 pa sabata, kutanthauza 225,000 akakhala masabata onse 18, ndipo angathe kukwezedwa kukasewera katatu asanamupatse malo enieni. James Harrison anachotsedwa kangapo ku Pittsburgh Steelers asanakhale wotchinga wopambana onse mu ligi mu 2008. Lachitatu lonse tinakhala pafupi ndi foni. Malo a linebacker pa practice squad anapita kwa mmodzi wa awiri aja a pa draft.

Ena mwanditumizira nkhani ya Kurt Warner, kuti anachotsedwa ku Green Bay Packers mu 1994, n'kumapanga katundu m'mashelefu a golosale ku Iowa, kenako n'kudzapambana Super Bowl ndi St. Louis Rams. Ndi zoona, ndipo ndikuthokoza mtima wanu. Koma pakati pa golosale ija ndi chikhocho panadutsa zaka zisanu, ndipo zaka zimenezo pamafunika wina wolipira lendi ndi jimu.

Miyezi inayi inapita tikudikira Lachiwiri lililonse, pakuti ndilo tsiku limene matimu amakonda kuitana anthu kudzayesedwa wina akavulala Lamlungu. Mnyamatayu anaitanidwa kawiri, ndege m'mawa, kuthamanga theka la ola, ndege madzulo. Mu January ejenti anabwera ndi nkhani ya ku Canada, kumene panthawiyo bwalo linali la mayadi 110 ndipo mbali iliyonse imalowetsa anthu 12. Zimenezo tidzakamba gawo 15, achemwali akandilola, chifukwa pali mawu amene tinalankhulana usiku umenewo amene sindingawalembe iwo asanavomere.