Galaja yathu ya ku Gazaland yapeza denga

Abale ndi alongo a kuno ku Harare, ndi inu nonse amene mwakhala mukutipeza pansi pa mtengo uja ku Gazaland, nkhani ndi yakuti tsopano tili ndi denga. Talowa m'shedi ya njerwa, ya chitseko chachitsulo, ndi masola pamwamba, moti magetsi akazima ntchito siimanso. Mvula ya Januwale ikabwera sitidzathamanganso kukabisa laputopu m'galimoto ya kasitomala. Tidakali ku Highfield komweko, mzere womwewo, tangosunthira kuseri kwa anzathu owongola mabodi.

Ntchito ya magetsi a galimoto ndinaphunzira kwa a malume. Iwo anabadwira ku Mbare, agogo athu atachoka ku Dedza kudzagwira ntchito mzinda uno ukutchedwabe Salisbury. A malume ankakonza masitata ndi ma alternator (otchaja batire) ku Siyaso, msika wa amisiri wa ku Mbare, ndipo Peugeot 404 kapena Datsun 120Y ankaidziwa ndi khutu basi. Mwini wake akapotokola kiyi, iwo ankapendeketsa mutu n'kunena kuti maburashi atha, ndipo tikatsegula zinkakhaladi choncho.

Dola ya ku America itayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2009, magalimoto a kaunjika ochokera ku Japan anadzaza misewu. Pofika nthawi ya ndalama za ma bond note mu 2016, ena mwa iwo anali opanda pobayira kiyi, ongodina batani. Anthu ankakoka galimoto ndi chingwe kuchokera ku Mabvuku mpaka ku Mbare n'kutiuza kuti sitata yafa. A malume ankaimasula, kuiika pa benchi, kuigunditsa ku batire, iyo n'kuzungulira bwinobwino. Tsiku lina anaponya sipana pansi n'kundiuza kuti, "Mphwanga, izi ndi za inu a makompyuta, ine maso atha." Ndinaona kuti nsima yanga itulukira pamenepa, ndipo pasanapite nthawi ndinanyamula bokosi langa la zipangizo n'kupita ku Gazaland.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti batani lija ndi pempho chabe. Mukalidina, kompyuta ya galimoto imayamba yafunsa mafunso ake isanalole magetsi kupita ku sitata. Kiyi ali mkati muno, ndipo ndi wa galimoto inoyo? Buleki yapondedwa? Giya ili pa P kapena pa N? Loko wa chiwongolero wamasuka? Funso limodzi likangoyankhidwa molakwika, galimoto imakhala duu, sitata ilibe vuto lililonse. Kusintha sitata pamenepo kuli ngati kuzula dzino labwino lodwalalo lili phee m'kamwa. Galaja yathu yonse yamangidwa pa lamulo limodzi: sitimasula kanthu tisanayeze.

Timayamba ndi batire, nthawi zonse, ngakhale mwini wake alumbire kuti analigula mwezi watha. Batire lodzadza bwino limaonetsa ma volt 12.6 galimoto itazima. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala theka. Koma chenicheni chimaoneka pamene mukudina batani: muvi wa mita ukagwa pansi pa 9.6, batirelo latopa. Anthu amanditsutsa kuti, "Achimwene, koma magetsi a pa dashibodi akuyaka, wailesi ikulira." Inde, wailesi imafuna mphamvu yochepa kwambiri, pamene sitata imakoka ma amp opitirira 100 nthawi imodzi. Khutu la a malume likugwirabe ntchito apa. Mukamva tetetetete mofulumira, ganizirani batire kapena mitu yake, makamaka ikakhala ndi ufa woyera kapena wobiriwira uja, kapenanso waya wa earth wochoka ku batire kupita ku bodi ndi ku injini. Mukamva kho kamodzi kenako zii, apo ndiye tingayambe kukayikira solenoid (kaswichi ka pa sitata) kapena sitata yeniyeniyo. Mukapanda kumva chilichonse, kawirikawiri ndi kompyuta imene yakana kupereka chilolezo, ndipo ntchito yathu ndi kupeza chimene yakanira.

Zina mwa izi mukhoza kuziyesa nokha musanawononge ndalama ya chokokera. M'limoti ya kiyi muli kabatire kozungulira ka ma volt 3, kawirikawiri CR2032, ndipo kakatha galimoto simuona kiyi ngakhale ali m'thumba mwanu. Pondani buleki, gunditsani limotiyo pa batani penipeni, kenako dinani. Magalimoto ambiri amawerenga kiyi mwa njira imeneyi ngakhale kabatire katafa. Tumani mwana kumbuyo akaone ngati magetsi a buleki akuyaka mukaponda. Akapanda kuyaka, kaswichi ka pamwamba pa pedulo kapena fyuzi yake ndiye wolakwa, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa wa sitata. Pa ma Toyota ambiri kanyale ka pa batani kamasanduka kobiriwira galimoto ikaona kiyi ndi buleki. Yesaninso kuliza galimoto, giya ili pa N. Ngati munaimika mawilo atakanikiza mwala kapena m'mphepete mwa msewu, gwedezani chiwongolero uku mukudina kuti loko amasuke. Zulani tchaja chotchipa chimene mwabaya poyatsira fodya, chifukwa zina zimasokoneza uthenga wa limoti. Ndipo mawu a Chijapani amene amatuluka pa dashibodi aja si okongoletsa, ajambuleni ndi foni muwamasulire, nthawi zambiri galimoto imakhala ikukuuzani vuto lake. Kukankha kokha musavutike nako, otomatiki silira ndi kukankha.

A mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu mozembera malamulo, ndiye ali ndi nthenda yawoyawo. Mwini galimoto amaikitsa tracker (kachipangizo kosonyeza kumene galimoto ili) kapena alamu yoti azitha kuizimitsa ali kunyumba, ndipo woikayo amadula waya wopita ku relay (kaswichi ka magetsi) ya sitata, kuupota ndi zala, n'kukulunga tepi. Ikagunda maenje a mumsewu miyezi ingapo, mfundo ija imamasuka. Honda Fit ina inabwera itasinthidwa kale sitata ndi batire kwina. Nditagona chagada pansi pa chiwongolero ndi tochi m'kamwa, ndinapeza tepi itasungunuka, timawaya titatsala tiwiri tokha tolumikizana. Tinawotcherera bwino, kuphimba, galimoto n'kulira nthawi yomweyo.

Tsopano ndinene za chaka chimene tinatsala pang'ono kutseka. Chakumayambiriro kwa 2020 ndinakongola ndalama kwa munthu wina wa katapila kuti ndigule makina owerengera kompyuta ya galimoto ndi kulembera makiyi atsopano, pamodzi ndi katoni ya malimoti. Wogulitsa malimotiwo, amene ali ndi shopu yake m'tauni mpaka lero, anandilumbirira kuti ndi a magalimoto a ku Japan, ndipo pa mapaketi anali atamatapo zikwangwani zonena choncho. Malimoti a magalimoto ogulitsidwa ku Japan amalankhula ndi galimoto ngati wailesi, pa ma MHz cha m'ma 315, pamene a ku South Africa ndi ku Ulaya ali pa 433. Katoni yonse inali ya 433. Nditabwerera, bamboyo anandionetsa chikwangwani cha pakhoma chakuti katundu akatuluka sabwezedwa. Ndisanapume n'komwe, pa 30 Malichi dziko linatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Magalimoto anaima, Gazaland inakhala zii, koma chiwongoladzanja chokha sichinamve za lockdown. Wa katapila uja anabwera ndi anyamata ake kunyumba, ana akuona, n'kunyamula makina anga atsopano aja ndi makina osokera a mayi a kunyumba. Sindiwatchula maina anthu awiriwa. Onse amadziwa kumene shedi yatsopanoyi ili, ndipo galimoto zawo zikadzakana kulira tidzawalandira, koma adzalipira mtengo wonse tisanatsegule boneti.

Ndinatsala ndi mita yoyezera magetsi ndi kanyale koyesera mawaya. Ndi ziwiri zimenezo tinadyetsa banja mpaka zinthu zinayambanso kuyenda. Ndimakumbukira mayi wina wogulitsa tomato amene Toyota Aqua yake inakana mbandakucha ku Mbare Musika, mabokosi atadzadza kumbuyo. Anyamata ena anali atamuuza kale mtengo wa sitata yatsopano. Ndinati, "Amayi, galimoto yanuyi ilibe sitata yoti munthu angasinthe." Anandiyang'ana ngati ndikuseka naye. Pa ma hybrid a Toyota ngati Aqua, oyendera petulo ndi magetsi, injini imazunguliridwa ndi mota ya magetsi imene ili mkati mwa giyabokosi, yodyera ku batire lalikulu. Koma kuti batire lalikululo lilumikizidwe, makompyuta ayenera kudzuka kaye, ndipo amadzutsidwa ndi kabatire wamba ka ma volt 12 kamene pa Aqua kali pansi pa mpando wakumbuyo. Tinatsitsa tomato, kuyeza, kabatire kali pansi zedi. Titakapatsa mphamvu, mawu akuti READY anayaka obiriwira, mayi uja n'kuwomba m'manja. Theka la makasitomala athu a ku Mbare anabwera kudzera pakamwa pa mayi ameneyu, ndipo mpaka lero salola kuti tigule tomato ndi ndalama.

Zikomo zanga ndi zambiri, mundipirire. A malume, amene tsopano amakhala pa mpando pakhomo la shedi n'kumatsutsa chilichonse chimene kompyuta yanena, zikomo pondipatsa ntchito m'manja. Mayi a kunyumba, amene sanandinenepo mawu oipa tsiku limene makina awo anatuluka pakhomo, ndipo ndi iwo amasunga buku la ndalama. Makina ena osokera tinawagulira tisanagule njerwa ngakhale imodzi. Akuluakulu a sosaite yathu ya maliro, amene anandibwereka ndalama yogulira makina ena owerengera kompyuta ya galimoto popanda chiwongoladzanja, pongodalira dzina la agogo. Anzanga a chipereganyu amene anandilola kulandira msanga nthawi yanga isanakwane. Amayi a ku mpingo wathu wa CCAP amene ankabweretsa ufa mwakachetechete chaka chovuta chija, ndi abale athu achisilamu a ku Mbare amene ankatitumizira magalimoto awo. Anyamata anga awiri ogwira nawo ntchito, amene aphunzira kugwira mita asanagwire sipana. Anansi athu olankhula Chishona, owotcherera ndi owongola mabodi, amene ankatilondera katundu ndi kutibwereka magetsi a jenereta. Ndi inu makasitomala a ku Mufakose, Dzivarasekwa, Tafara, Epworth ndi Chitungwiza, amene munkakhala pa njerwa padzuwa kudikira popanda kudandaula, tsopano kuli benchi ndi mthunzi.

M'shedi yatsopanoyi tikuyeza magalimoto onse okana kulira, a batani ndi a kiyi wamba, a petulo, a dizilo ndi ma hybrid. Tikulembera makiyi ndi malimoti atsopano, ndipo limoti iliyonse timaiyeza pamaso panu kuti muone nokha ma MHz ake isanalowe m'galimoto. Pobwera kudzalembetsa kiyi tengani buku la galimoto ndi chitupa chanu, popanda zimenezo sitigwira, ngakhale mutakhala msuweni wanga. Tikukonzanso masitata ndi ma alternator m'malo mokugulitsani atsopano, ndi kukonza mawaya amene oika ma tracker anawononga. Ndalama yoyezera timaichotsa pa mtengo wa ntchito mukakonzetsa kwa ife. Timalandira madola, ZiG ndi EcoCash. Galimoto ikakufera panjira musalole aliyense kuijampitsa mwachisawawa, chifukwa mawaya akasemphana fyuzi yaikulu imapsa ndipo nthawi zina kompyuta imapita nayo. Jambulani kavidiyo ka dashibodi mukudina batani, phokoso lake lizimveka, mutitumizire pa WhatsApp pa nambala yathu, tikuuzani ngati n'zoti tibwere komweko kapena mungokagula kabatire ka limoti. Timatsegula Lolemba mpaka Loweruka, Lamulungu tili ku tchalitchi.