Sabata ya nkhani ya Mefiboseti

Lolemba ndinalowa mu ofesi funso la mwana likundivutabe mumtima. Ntchito yanga ndi yoyang'anira utumiki wa ana pampingo wathu kuno ku Zomba: kukonza maphunziro a Sande Sukulu, kusula aphunzitsi ndi kuyendera makolo. Dzulo lake mphunzitsi wina anafotokoza nkhani ya pa Marko 2, ya munthu wofa ziwalo amene anzake anayi anamutsitsira padenga. Anaifotokoza bwino, ana mpaka kuomba m'manja. Potuluka, mtsikana wa zaka 9 amene amayenda pa njinga ya olumala anandigwira chitenje.

"Aphunzitsi, ndiye kuti ine Yesu anandiiwala?"

Ndinati ayi, koma ndinaona m'maso mwake kuti ayi wangayo sanamufike pamtima.

Tsiku lonse ndinakhalira kuvundukula maphunziro athu a chaka chino. Bartimeyu alimo, munthu wosamva wa pa Marko 7 alimo, wosaona chibadwire wa pa Yohane 9 alimonso, ndipo onsewa nkhani zawo zimathera pa kuchira. Zozizwitsa zimenezi ndimazikhulupirira ndipo sindingazichotse. Koma mwana waulumali akamangomva zokhazi, amayamba kuganiza kuti Mulungu adzamulandira tsiku limene adzaimirire. Ndinatsegula 2 Samueli 9. Mefiboseti, mwana wa Jonatani, anapunduka ali ndi zaka 5 mlezi wake atamugwetsa pothawa. Atakula, Mfumu Davide anamuitanitsa kuchokera ku Lodebara, n'kumubwezera minda ya agogo ake Sauli, n'kulamula kuti azidya pagome la mfumu masiku onse. Mutuwo ukutha miyendo yake isanachire. Ndinati nkhani ya Lamulungu ndi imeneyi.

Lachiwiri linali la manja. Ndinaumba anthu adongo ndi gome lawo, chifukwa tili ndi mnyamata wosaona amene chithunzi chapakhoma sichimuuza kanthu. Vesi 13 la mutu uja, lonena kuti Mefiboseti ankadya pagome la mfumu ali wopunduka, ndinalilemba mu Braille, zilembo za anthu osaona, kuboola kadontho kamodzikamodzi monga anatiphunzitsira ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Mwana wa khungu lachialubino ndinamulembera vesi lomwelo m'zilembo zikuluzikulu. Madzulo ndinakumana ndi mtsikana wosamva wa m'kalasi yathu kuti tigwirizane zizindikiro. Davide sanavute, dzanja pamutu ngati chisoti chachifumu. Dzina la Mefiboseti ndi lalitali kulitchula ndi zala chilembo ndi chilembo, choncho ndinamupempha kuti amupatse yekha chizindikiro. Ndinkayembekezera kuti aloza miyendo. Iye anatengera dzanja kukamwa, ngati akudya nsima.

Lachitatu linapita ndi msonkhano wa ndalama. Ndinakumbutsanso akulu a mpingo za masitepe atatu a pakhomo la kalasi, pamene mlungu uliwonse timanyamula mwana ndi njinga yomwe.

Lachinayi ndinakwera kabaza kupita kwawo kwa mtsikana wa funso uja. Amakhala ndi agogo ake aakazi; mayi ake ali ku Johannesburg kukasaka maganyu. Agogowo anandiyalira mphasa, ndipo tisanathe n'kupatsana moni komwe anayamba kukhuthula za kukhosi. Anandiuza za mapemphero ausiku kumene anamuberekera mwanayo kangapo, n'kuuzidwa kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa. Anandiuza za anthu apamudzi amene amanong'ona kuti pabanjapo pali amene anakhwimira mwana. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa mayi ameneyu ndi amene amakankha njinga mumsewu wamiyala Lamulungu lililonse osajomba. Tinawerenga Yohane 9:3, pamene Yesu akunena kuti sanachimwe munthuyo kapena makolo ake. Anandipempha kuti ndibwereze.

Kenako ndinati, "Agogo, ife mwanayu timakhala naye ola limodzi pa mlungu. Madzulo onse amakhala ndi inu. Bwanji nkhanizi azizimva kwa inu?"

"Aaa, mwanangu, ine sukulu ndinalekezera sitandade 2. Baibulo ndingalithe?"

"Nanga nthano mumazitha?"

Anaseka. "Zimenezo ndiye musanene."

Apa ndi pamene makolo ambiri amadziderera. Amaganiza kuti kuphunzitsa mwana za Mulungu kumafuna satifiketi. Chonsecho Deuteronomo 6:7 amanena za kukamba mawuwa pokhala pansi m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka, ndipo Paulo pokumbutsa Timoteo kumene chikhulupiriro chake chinayambira anatchula agogo ake Loisi ndi mayi ake Yunike. Choncho ndinayamba: "Padangotero." Agogo anavomera, "Tili tonse." Ndinawasimbira kawiri. Kachitatu anasimba okha, ndipo pamene Mefiboseti akudzitcha galu wakufa pamaso pa mfumu, mawu awo ananjenjemera. Anati mawu amenewo anawamvapo m'kamwa mwa mdzukulu wawo, ngakhale sanawanene chimodzimodzi.

Lachisanu usiku magetsi atazima, ndinaisimbanso nkhaniyi kwa ana anga awiri. Ndinazindikira kuti padutsa milungu ndisanachite zimenezi kunyumba kwanga, ndipo ndinawalonjeza kuti Lachisanu lililonse likhala lathu.

Loweruka, pokonzekera ndi aphunzitsi, panabuka mtsutso. Wina anati tisankhe mnyamata wodziwa sewero kuti azitsimphina ngati Mefiboseti. Ndinakana, chifukwa anzake akanaseka, ndipo kusekako kukanagwera mwana amene sachita sewero. Wina anati ndiye mtsikana wa njinga uja akhale Mefiboseti, poti akufanana. Sananene mwachipongwe ayi, koma nayonso ndi njira yomuuza kuti m'Baibulo monse malo ake ndi amodzi okha. Tinagwirizana kuti timufunse mwini wake.

Lamulungu tinamufunsa. Anati akufuna kukhala Davide.

Tinamuveka chisoti cha katoni. Tinayala mphasa pakati, mbale zapulasitiki mozungulira, mwana wachialubino tinamukhazika kutsogolo kutali ndi zenera la dzuwa, ine ndinaima pamene wosamva uja amaona manja anga ndi nkhope yomwe. Anthu adongo anayenda dzanja ndi dzanja. Mfumu inatuma Ziba, wantchito wa banja la Sauli, Mefiboseti anabwera atazyolika, ndipo mawu anamveka kuchokera pa njinga paja: "Usaope!" Pomaliza mnyamata wosaona anayendetsa zala papepala n'kuwerenga vesi 13 mokweza. Kanali koyamba kuti awerenge Mawu pamaso pa anzake.

Agogo aja anali ataima pazenera nthawi yonseyi. Titanyamula njinga kutsika masitepe, anandiyandikira.

"Aphunzitsi, ya mlungu wamawa mundiuziretu lero. Ndikufuna ndikayambe nayo mawa madzulo, tikatha kudya."