Lachitatu, 22 July 2020: mipando pamsewu, matipi m'botolo

Ndanyamuka ku Rosettenville kusanache bwinobwino, majekete awiri m'thupi, masiki kukamwa. Takisi yopita m'tauni inali yodzaza thothotho, mawindo otsegula monga lamulo likunenera, mphepo ya Joni ikulowa mpaka m'mafupa. Chilankhulireni a Ramaphosa usiku wa Lamlungu pa 12 July, matakisi oyenda maulendo afupiafupi akuloledwa kudzaza mipando yonse. Usiku womwewo ndi umene anatsekanso mowa, n'kubwezeretsa lamulo loti ikamakwana 9 koloko usiku aliyense akhale ali kunyumba. Ndiye m'takisi tikukhala mapewa akugundana, koma munthu amene wakhala yekha patebulo, kutali ndi mnzake mita imodzi ndi theka, saloledwa kumwa tambula ya vinyo. Amene akuzimvetsa zimenezi adzandifotokozere.

Lesitilanti yathu ili ku Parkhurst. Tinatseka pa 27 March pamodzi ndi dziko lonse chifukwa cha matenda a Covid-19. Mu May anatilola kuphika koma chakudya chizichita kukaperekedwa kunyumba za anthu, mu June anthu anayamba kubwera kudzatenga okha pakhomo, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo anati makasitomala akhoza kukhalanso pamatebulo. Akhoza, koma sakubwera. Ena akuopa matenda, ena akuti nyama yopanda vinyo akadyera kwawo. Chimene chikutisunga ndi takeaway.

Choncho ine amene ndinalembedwa ntchito ya uweta ndasanduka wolongedza. Anthu amaona ngati kulongedza ndi kungoponya chakudya m'jumbo. Msuzi umafuna chivindikiro chothina ndi tepi pamwamba, apo ayi ukafika kwa mwini wake utatayikira pampando wa galimoto. Tchipisi ukazitsekera kwambiri zimachita thukuta n'kufewa, ndiye kabokosi kake umakaboola pang'ono. Saladi isayandikane ndi chotentha. Amene wanena pafoni kuti mwana wake sadya mtedza, umalemba ndi zilembo zikuluzikulu papepala la kukhitchini, kenako umakaonanso wekha chisanatuluke. Pakati pa zonsezi foni ikulira, wina ali pakhomo akudikira kuti umuyeze kutentha kwa thupi, ndipo kamakina ka khadi umakapukuta munthu aliyense akachoka. Zala zanga zang'ambika ndi sanitaiza. Sopo akalowa m'ming'aluyo ndimachita kuluma mano.

Itakwana 12 koloko tinatulutsa matebulo ndi mipando n'kuziika pamsewu. Lero ndi tsiku limene bungwe la eni malesitilanti, Restaurant Association of South Africa, linaitana anthu ku zionetsero zimene akuzitcha Million Seats on the Streets, kuyambira 12 mpaka 2 koloko masana. Tinayala nsalu zoyera, kuika mbale ndi matambula opanda kanthu, ife n'kuima kumbuyo kwake titavala maepuloni. Magalimoto odutsa amaliza mahutala. Ndinayang'ana anthu amene anaima mumsewu wathu ndipo ambiri tinali ife obwera, a ku Zimbabwe, a ku Malawi, a ku Congo. Achimwene ena a ku Mangochi amene amatsuka mbale pa lesitilanti yoyandikana nayo anandikodola.

"Achimwene, kwanuko zikuyenda?"

"Tikungokankha. Kwanuko?"

"Atidula masiku. Sabata ino ndalowa kawiri basi. Kumudzi akuti bwererani, koma ndibwerera ndi chiyani?"

Sindinawayankhe za kubwererako. Tonse tinaona zithunzi za anzathu amene anapita pa mabasi mu May, kulowera pa Mwanza n'kukasungidwa pa Kamuzu Stadium.

Nkhani imene yandikhala pamtima lero inachitika titangobweza mipando m'kati. Kunabwera bambo wina wa galimoto yabwino ndithu kudzatenga chakudya cha banja lonse, bilu yake yopitirira R600. Ndinamupatsa kamakina, ndipo monga bwana anatiuzira, ndinafunsa mwaulemu ngati angakonde kuwonjezerapo kena kake. Anandiyang'ana pamwamba pa masiki n'kunena kuti wayendetsa yekha galimoto, anyamula yekha jumbo, mbale akatsuka yekha kunyumba, ndiye tipi ndi ya chiyani? Sanakalipe ayi. Anafunsa ngati munthu amene akufunadi yankho. Ndinangoti palibe vuto bwana, muyende bwino.

Ndakhala ndikulitembenuza funso lakelo masana onse, ndipo kunena zoona bamboyo sanalakwe kwenikweni. Kuno chizolowezi ndi chakuti ukadyera patebulo umasiya 10 peresenti ya bilu, wokondwa kwambiri amafika 15. Ya takeaway sinali pa mwambo ngakhale matendawa asanabwere. Ine ndemwe ndikagula nkhuku pawindo sindisiya kanthu. Kwathu ku Malawi munthu akakhuta amangoti sungani chenji, ndipo akapanda kunena palibe amene amamuona ngati woipa.

Vuto ndi lakuti malipiro a weta kuno anamangidwa pa tipiyo. Lamulo likuti malipiro otsikitsitsa ndi R20.76 pa ola kuyambira mu March chaka chino, ndipo matipi sawerengedwa ngati gawo la ndalama imeneyo. Koma weta aliyense akudziwa kuti ya pa olayo imathera takisi ndi buledi. Lendi, sukulu ya ana, ndi ija timatumiza kumudzi pa Mukuru zimachokera pamatebulo. Usiku wa Lachisanu wabwino, tebulo la anthu asanu ndi mmodzi lomwa vinyo linkakupatsa ndalama yoposa ya maola onse a tsikulo. Tsopano tebulolo kulibe, maola adulidwa, ndipo thandizo la TERS, la ogwira ntchito amene malipiro awo anaima kapena kudulidwa chifukwa cha matendawa, kwa amene analilandira linawerengedwa pa malipiro olembedwa m'buku, osati pa ndalama imene munthu ankapita nayodi kunyumba. R350 ya pamwezi imene boma likupereka kwa osowa ntchito ndi ya nzika ndi ena a mapepala ovomerezeka. Anzathu ambiri sali m'gulu limenelo.

Ndiye bambo uja ndikanamuyankha chiyani? Kuti chakudya chimene wanyamulacho mtengo wake ndi wotsika chifukwa kwa zaka zambiri kasitomala ndi amene wakhala akumalizitsa malipiro athu? Zimenezo si zonena pakhomo munthu ali ndi jumbo yotentha m'manja. Ndipo sindikudziwa za m'thumba mwake. Galimoto yabwino masiku ano ikhoza kukhala ya munthu amene ntchito inamuthera mu April. Chimene ndimadana nacho ndi kufunsako. Patebulo tipi inkabwera yokha, munthu amalemba pa bilu iwe uli kutali. Pano ukuchita kuitchula pakamwa, maso ndi maso, ndipo zimamveka ngati kupempha.

Alipo amene amasiya osafunsidwa. Mayi wina amene ankakonda tebulo la pakona matendawa asanabwere anaimba foni madzulo, kuitanitsa supu ndi buledi, n'kunena kuti tiwonjezere 15 peresenti monga kale. Anati iye akuwerenga ngati wakhala patebulo lake lomwe lija. Anthu otere ndi ochepa, koma ndi amene akupangitsa kuti botolo la pakauntala lisagone lopanda kanthu. Ndalama za mapepala zachepa chifukwa anthu akuopa kuzigwira, zambiri zikudzera pa khadi.

Maoda obwera kudzera pa foni za ma app ndi nkhani ina. Tipi imene kasitomala waika mmenemo imapita kwa mnyamata wa njinga yamoto, ife sitiiona. Sindiwachitira nsanje. Amakhala panja pozizira kudikira oda, ndipo ngozi za pamsewu ndi zawo.

Mkangano unabuka tikutseka, cha m'ma 7 koloko. Tinakhuthula botolo, manejala n'kuwonjezera za pa khadi, zonse pamodzi sizinafike R400. Kale maweta tinkatenga zathu n'kupatsako akukhitchini kagawo kochepa. Lero mayi wa ku Bulawayo amene amaphika pa gilo anavula epuloni n'kunena kuti zimenezo zithe. Anati pa takeaway palibe amene wamwetulira kasitomala, palibe amene wathira vinyo, chimene munthu walipirira ndi chimene chatuluka m'manja mwake iyeyo, ataima pamoto tsiku lonse atavala masiki. Weta mnzanga anakana. Anati akukhitchini malipiro awo a pa ola ndi okwererapo, pamene ife tinavomera ochepa podalira matebulo amene pano kulibe.

Onse awiri amanena zoona, n'chifukwa chake mawu anakwera. Ine ndinaima mbali ya mayiyo, ngakhale zikundidula ine ndemwe. Mnyamata wotsuka mapoto sanayankhule chilichonse, anangoima pakhomo la khitchini manja ali m'thumba, ndipo ndi iye amene amalandira zochepa kuposa tonsefe. Ndinati asisi akunena zoona, nthawi ino tigawane mofanana, matebulo akadzadzaza tidzabwerere ku zakale. Mnzanga uja anandiyang'ana moipa, akuti ndikuchita ufulu ndi ndalama za eni. Mwina mawa sandipatsa moni.

Manejala anati akambirana ndi mwini wake, koma za lero tigawane mofanana kuti tisachedwe. Aliyense anapeza R40 ndi makobidi pang'ono. Tinathamangira takisi chifukwa ikadutsa 8 koloko zimasowa, madalaivala nawonso akuopa kupezeka pamsewu nthawi yoletsedwa. Ndafika kunyumba mphindi zochepa isanakwane 9. Mawa sindili pa ndandanda, ndilowanso Lachisanu, ndipo nkhani ya kagawidweyi akuti tidzaimaliza tsiku limenelo tonse tilipo.