Zikomo nonse, mwana wathu watuluka m'chipatala

Mwana wathu wabwera kunyumba dzulo, akuyenda yekha ngakhale akuweramira mbali ya bala.

Zinayamba usiku pomusintha thewera: magazi ofiira moderako, ochuluka ndithu, koma mwana osalira n'komwe. Kusalirako n'kumene kunatipusitsa, tinati tidikire kuche. Pofika m'mawa milomo inali itayera mbee, manja ali zii. Anamuika magazi kawiri. Inu amene munapereka magaziwo, sitikudziwani, koma Mulungu akudalitseni.

Ine mlandu ndinali nditaugamula kale. Ndinadwalapo zilonda za m'mimba chifukwa cha Helicobacter pylori, kachilombo kamene Barry Marshall ndi Robin Warren anakatulukira ku Australia m'ma 1980, ndiye ndinangoti basi, ndamupatsira ndine. Masiku awiri tulo osabwera.

Amene ananditula mtolowu ndi adokotala a opaleshoni. Anatenga cholembera n'kujambula kuseri kwa pepala matumbo aang'ono, ndipo chakumapeto kwake kathumba kotalika ngati chala, masentimita 5 kapena apo. Mwana anabadwa nako. Ndi kotsalira ka kanjira kamene kamadyetsa mwana m'masabata oyamba a mimba, komwe kamayenera kutsekeka n'kutha. Amakatcha Meckel's diverticulum, ndipo anthu pafupifupi 2 pa 100 alionse ali nako, ambiri mpaka kukalamba osadziwa. Tsoka la mwana wathu linali lakuti m'kathumbamo munali mnofu wonga wa chifu, wotulutsa asidi. Matumbo a pamenepo sanazolowere asidi, ndiye panachita chilonda. Kachilombo kaja, iwo anati, m'kathumba kotere kamapezekamo mwa apo ndi apo. Wopalamula weniweni ndi asidiyo, moti mankhwala opha tizilombo sakadathetsa vuto. Anangokadula kathumbako.

Adokotala, zikomo. Pepala lija ndinalisunga, lili m'chikwama.

Anamwino a usiku, amene munkabwera ndi tochi kudzaona dripu popanda kudzutsa mwana, ndiponso munandipirira ndikufunsa funso limodzimodzi kasanu, zikomo. Achemwali, munasiya zanu n'kudzakhala ndi ana enawa sabata yonse osadandaula. Agogo ake, mapemphero anu a m'bandakucha pa foni tinkawamva. Anzathu amene munaimba osayankhidwa, pepani, foni inali m'manja koma mawu analibe potulukira.

Lero m'mawa wadzuka n'kupempha yekha chakudya, kenako n'kukweza malaya kuti aliyense wolowa m'nyumba aone bandeji yake.