Kakapu kopanda chogwirira

Ndangofika kumene kuchokera ku msika wa zinthu zakale wa Portobello Road ku London, ndanyamula kakapu ka tiyi kopanda chogwirira, koyera, kojambulidwa abuluu. Pansi pake pali kasitika ka mu 1986 ka Christie's, kampani yogulitsa zinthu pa okushoni. Abale inu, kameneka kanali m'sitima ya Adatchi ija, Geldermalsen, yomwe inamira mu 1752 ikuchokera ku Canton, doko la ku China, katundu wake n'kudzavuulidwa mu 1985! Utoto sunasuluke, poti amisiri a mumzinda wa Jingdezhen ku China ankaukuta ndi chonyezimira asanawotche.

Wogulitsa uja akuti ndikakatsekere m'kabati, ndisamweremo. Apa pokha ndiye ndakana. M'sitimamo munapezeka ziwiya zoposa 150,000, ndipo ankazilongedza pansi penipeni, mabokosi a tiyi n'kuwasanja pamwamba, chifukwa ndalama zenizeni zinali pa tiyiyo. Sizinali za mafumu ayi, ankapangira mabanja a ku Ulaya kuti azimwera m'mawa uliwonse. Ndiye ine ndizingokayang'ana pagalasi?

Madzi otentha kwambiri okha sindithiramo, kangang'aluke. Inu obwera Lamlungu, tiyi alipo, koma mumwera makapu a masiku onse aja.