Akakubera nyimbo m'bale wa mu mpingo

Abale, nkhani iyi ikundipweteka mtima. Woyimba wachezera usiku kupeka nyimbo yauzimu, wagulitsa matumba a chimanga kuti alipire situdiyo. Kenako kwaya ina yatenga nyimboyo, yasintha mawu awiri okha n'kuijambula ngati yawo. Akadandaula, amamutseka pakamwa ndi 1 Akorinto 6, ati Mkhristu sasumira mnzake.

Mawu amenewo sindiwapeputsa. Pa vesi 7 Paulo akufunsadi chifukwa chake sitilola kulakwiridwa, ndipo amene angathe kukhululuka osafuna kanthu, Mulungu amudalitse. Koma vesi 8 ikudzudzula amene akubera abale awo. Imeneyo bwanji sitiitchula?

Ine ndimati tiyambire pa Mateyu 18. Mukaonane awiriwiri, akakana mutenge mboni, kenako akulu a mpingo. Chondiwawa n'choti akuluwo kawirikawiri amangoti zisiyeni m'manja mwa Ambuye, uku wakubayo akupitiriza kugulitsa. Zikafika apo, ngati mtima wanu ukufuna dzina lanu libwerere pa nyimbo ndi kulandira zanu, osati kumugwetsa m'baleyo, kupita ku COSOMA (bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina za luso m'Malawi) kapena kukhoti motsatira lamulo la Copyright la 2016 sindikuonapo tchimo. Paulo yemweyo anapempha kuti mlandu wake ukamvedwe ndi Kaisara.